Malamulo a Mtambo, Usiku ku Katoto

Kunja mtambo watsikira pa malata,
chiperoni chikunyowetsa Katoto osapepesa.
Mtambo wanga winawo sunyowetsa munthu.
Uli m'nyumba ya makina kutsidya kwa nyanja zamchere,
kumene sindinapondeko,
koma ndimaulamula ndili pano,
nditavala majuzi awiri ndi sokosi lobooka pachala.

Vinjeru ankachita zonse pamanja.
Kudina apa, kudina apo, uthenga uwu upite uko,
ndipo zinkayenda ndithu.
Kenako anapeza ntchito ku Lilongwe,
njira zonse anapita nazo m'mutu mwake
ngati munthu wosamuka amene wayalula ndi msewu womwe.
Anatisiyira kapu yothyoka chogwirira
ndi nambala ya foni yongoitana.

Ndiye ine ndikulemba.
Chilichonse m'fayilo, mzere pansi pa mzere,
kuti mawa ndikagundidwa ndi njinga ya kabaza pa Chibavi
wobwera pambuyo panga asadzaombeze maula.

Mlimi akakweza thumba la khofi pa sikelo ku Misuku,
uthenga ubadwe, ukhale ndi dzina, makilo ndi ola,
ukaime pa mzere wa malipiro.
Ndalama zikakana kulowa m'foni mwake
uyesenso katatu,
ukalephera ukagogode kwa NyaChavula wa maakaunti.
Thumba likaposa makilo zana
(msana wotero kulibe)
upatuke, ukafunsidwe mafunso.

Masana ndimawaona anyamata a ku depoti:
Karonga uku! Nkhata Bay uko! Mayi, simukukwera iyi!
Ntchito yathu ndi imodzi,
kungoti ine kukuwa kwanga ndimakulemba
kuti kuzikuwa kokha ine ndili mtulo.

Sabata yatha ndinadya chilembo chimodzi.
Misuku inakhala Misuk.
Makina sanaseke, sanandikonze,
anangomvera, monga amachitira.
Mauthenga mazana atatu ndi khumi ndi awiri
anafika pamphambano, osapeza wowaitanira,
nakagwera m'bokosi la makalata amasiye,
duu, masiku awiri.

Lachitatu bambo Mughogho anaimba.
Anali atatsika phiri wapansi mpaka kwa ejenti,
mwana wawo wa folomu thiri ali pambuyo ndi chikwama,
sukulu itamubweza.
Sanakalipe. Bola akanakalipa.
Anati, mwana wanga, khofi ndinapereka,
nanga mtambo wakowo wadya?

Kuyambira tsiku limenelo ndimawerenga mokweza,
chala pa sikirini ngati mwana wa sitandade wanu.
Ndimawerenga ndi mipata yomwe,
poti kuno mpata umodzi wopitirira
umasandutsa mwana kukhala mlendo m'nyumba ya make.

Ndisanatumize ndimafunsa kaye: ukachita chiyani?
Makina amayankha mosabisa:
ziwiri ziwonjezedwa, chimodzi chisintha,
chogumulidwa palibe.
Ndi anthu angati anandiuzapo zotere
asanalowe m'moyo wanga ndi khasu?

Magetsi athima.
Jenereta ya achimwene a pafupi yatsokomola kawiri, yaleka.
Batire yatsala ndi mphindi makumi awiri,
koma mtima suli m'mwamba ayi:
zonse ndasunga, ndi tsiku lake, ndi chifukwa chake,
ndi dzina langa pambali pa cholakwa changa.
Mawa Tafwakose adzawerenga ndi tiyi m'manja,
adzapeza chimene maso anga alumpha,
adzalemba kuti bwezera apa, usanamizire tulo.
Akavomera, ndiye tidzatsegula njira.

Pakadali pano agalu a ku Mchengautuwa akulandizana nkhani,
uyu kuuza uyo, uyo kuuza wa kutsidya,
popanda fayilo, popanda wosochera.
Ndatseka laputopu.
Ku Misuku wina wamanga kale thumba,
waliimika pakhomo, akudikira kuche,
sakudziwa dzina langa,
ndipo chilembo chija chikakhala pamalo pake
sadzalifuna n'komwe.